Dandaulo pa mapadi ndi mafuta a mabuleki amene munandigulitsa

Bwana Manijala,

Ndalemba kalatayi chifukwa foni yanu imangoyankhidwa ndi anthu onena kuti mwatuluka. Za malonda athu muli nazo m'mabuku mwanu.

Pogula ndinanena momveka kuti galimotoyi ndikukathamangitsa ku Kyalami, bwalo la mipikisano ya magalimoto, ndipo ndikufuna mapadi ndi mafuta opirira kutentha. Mnyamata wanu wa pakauntala anandipatsa mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 5, ati imaposa DOT 4 poti nambala yake ndi yayikulu. Makaniko wanga atangoona botolo anagwira pakamwa. DOT 5 ndi ya silicone, sisakanikirana ndi mafuta a glycol amene ali kale m'galimoto, komanso siyoyenera mabuleki a ABS, aja oteteza kuti mateyala asaloke pomanga buleki. Yofunika inali DOT 5.1, imene ikakhala yatsopano siwira pansi pa madigiri 260 Celsius, pamene DOT 4 wamba malire ake ndi 230. Wogulitsa masipeyala osadziwa zimenezi akutani pakauntala? Ndinakagula mafuta oyenera kwina.

Mapadi aja mnyamata wanuyo anandilumbirira kuti ndi a mpikisano. Atangotentha, pofika pakona ya Crowthorne ku Kyalami komweko ndinaponda buleki, chopondera chili gwa, koma galimoto osafuna kuima, fungo la kupsa lili thoo. Akanakhala mafuta owira, chopondera chikanafewa n'kulowa pansi. Titamasula tinapeza mapadi atasalala ngati galasi. Anali a mumsewu wamba.

Chandipweteka kwambiri ndi mmene anandilandirira nditabweza katunduyo. Mnyamata yemweyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena pamaso pa makasitomala ena kuti, "Achimwene, kagalimoto kanuko n'kopitira kutchalitchi, zothamanga asiyireni eni ake." Anzake n'kumaseka. Ine ndinadutsa mashopu ambirimbiri a mu Johannesburg muno kubwera kwa inu poti ndinu akwathu, malipiro ake ndi amenewa? Kuchokera apo ndakhala ndikuwotcha petulo pa msewu wa M1 kubwera kushopu kwanu, yankho lake lomwelo: abwana kulibe, mubwere mawa.

Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limalola wogula kubweza katundu wosayenera ntchito imene anaitchula pogula. Ndikufuna ndalama zanga zonse, za mapadi ndi za botolo lija, lomwe silinatsegulidwe n'komwe. Sabata ino ikatha muli chete, nkhaniyi ndikaitula kwa Motor Industry Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a za magalimoto, ndipo anzanga onse amene timathamanga nawo ku bwalo la mipikisano la Zwartkops aimva.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa.