Nyama sizikutha ndi mfuti zokha ayi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya nyama zakutchire. Tikamva zoti nyama zikutha timathamangira kutukwana opha nyama mozemba, inde ndi oipa amenewo, koma chomwe chikumaliza nyama zambiri ndi kusowa pokhala. Munthu akagwetsa nkhalango yonse kuti atsegule famu kapena mgodi palibe amamutcha wakupha, ena mpaka amamuombera mmanja kuti wabweretsa chitukuko, chonsecho waononga zambiri kuposa wotchera msampha uja.

Lipoti la 2024 la bungwe loteteza zachilengedwe la WWF likuti magulu a nyama omwe akatswiri akhala akuwerenga achepa ndi 73 peresenti pakati pa 1970 ndi 2020, a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, nawo anapeza kuti kuchokera 1990 kufika 2020 dziko lapansi linataya mahekitala pafupifupi 420 miliyoni a nkhalango. Taganizani anyani a orangutan pa chilumba cha Borneo ku Asia, amakhala mmitengo, madzulo aliwonse amapinda nthambi kukonza chisa chogonamo, ndipo wamkazi amabereka mwana mmodzi kenako nkudikira zaka 7 kapena 8, ndiye mitengo ija mukaidula nkudzalapo kanjedza wa mafuta mzere mzere, anyaniwo achulukanso bwanji?

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi chakuti sipafunikanso kudula nkhalango yonse. Msewu umodzi kudutsa pakati basi zinthu zasokonekera. Mmphepete mwake mumauma, moto umalowa mosavuta, nyama zotsala mbali iyi sizikumananso ndi zambali inayo ndiye zimangoberekana pachibale mpaka mtundu kufooka. Njovu imatsata njira yomwe inkayenda ndi mayi wake popita kumadzi, ikapezapo munda lero timati njovu yolusa, amaiombera.

Ndipo mavutowo amatipeza ndithu. Njuchi ndi mileme zimanyamula mungu, mbalame zimamwaza mbewu za mitengo, madambo amasunga madzi a mvula kuti asasefukire nthawi imodzi. Ku Malaysia mu 1998 ndi 1999 kachilombo ka Nipah kanachoka kwa mileme yomwe inkadya zipatso pafupi ndi makola a nkhumba, kanalowa mu nkhumbazo kenako mwa anthu, oposa 100 anamwalira.

Kudzala mitengo nkwabwino, sindikukana, koma tisamanamizane kuti munda wa bulugamu yekhayekha ndi nkhalango. Mtengo wakale wa mphako momwe mumagona kadzidzi kapena mumakhala njuchi umatenga zaka zambirimbiri, mbande yadzulo singalowe mmalo mwake.

Mu 2022 ku Montreal mdziko la Canada mayiko anagwirizana zoteteza 30 peresenti ya mtunda ndi nyanja pofika 2030. Pempho langa kwa atolankhani anu ndi ili, akamalemba za pulojekiti yatsopano ya msewu, damu kapena mgodi azifunsanso kuti pamalopo pamakhala nyama zanji, zipita kuti, ndipo azipempha aone lipoti la zachilengedwe mathirakitala asanafike.

Wowerenga wanu wokhudzidwa