Zimene ndabwera nazo kuchokera ku msonkhano wa impso ndi kapamba

A Wapampando, amayi ndi abambo a gulu lathu la Amalawi odwala shuga kuno ku Britain, zikomo pondituma. Malisiti a sitima ndapereka kale kwa a msungichuma. Kumsonkhanoko kunali odwala, achibale awo, anamwino ndi madokotala a opaleshoni, ndipo tsiku lonse linathera pa nkhani imodzi: kuika impso ndi kapamba nthawi imodzi mwa munthu amene shuga wamuonongera impso.

Tisasokonezane pa dzinali. Kwathu ena akati kapamba amanena chiwalo chija chimatupa munthu akamadwala malungo pafupipafupi. Pano ndikunena chinacho, chopanga insulini, chimene madokotala amati pancreas.

Opaleshoniyi si yachilendo. Anaiyamba ndi William Kelly ndi Richard Lillehei ku University of Minnesota mu December 1966, ndipo lero ikuchitika m'mizinda ngati Oxford, Cambridge, London, Manchester, Newcastle, Cardiff ndi Edinburgh. Ziwalo zonse ziwiri zimachokera kwa munthu mmodzi amene wamwalira. Zanu zakale sachotsa. Kawirikawiri kapamba watsopano amamuika kumanja m'munsi mwa mimba, impso kumanzere. Kapambayo amabwera ndi kachidutswa ka matumbo, kamene amakasokerera ku matumbo anu kuti madzi ogayira chakudya azikhala ndi kolowera. Zikayenda bwino, munthu amasiya dayalisisi, kusefa magazi pa makina kuja, amasiyanso kudzibaya insulini, ndipo impso yatsopanoyo sikumananso ndi shuga amene anaononga zoyamba zija. Kwa anzathu amene shuga amawatsikira mwadzidzidzi thupi osawachenjeza, mpaka kukomoka pamsewu, apa ndiye pali mpumulo weniweni.

Koma madokotalawo sanatinyengerere ayi. Opaleshoniyi ndi yolemera kuposa yoika impso yokha. M'masiku oyambirira opaleshoni itachitika, magazi amatha kuundana mu mtsempha wa kapamba watsopano, ndipo zikatero nthawi zambiri amamuchotsa. Posokedwa paja pamatha kudontha, ena amabwereranso ku fiyeta kachiwiri. Ukatuluka m'chipatala umayamba mankhwala ngati tacrolimus ndi mycophenolate, oletsa thupi kukana ziwalozo, ndipo amenewa samalekezedwa. Amachepetsa chitetezo cha m'thupi, choncho matenda amakugwira msanga. Asanakulembe pamndandanda wa odikira ziwalo amayamba ayeza mtima, pakuti shuga wa zaka zambiri amaononganso mitsempha ya mtima mwakachetechete.

Funso limene ambiri munandituma ndinalifunsa: nanga ife a shuga wa mtundu wachiwiri? Yankho ndi lakuti ochuluka amene amalandira ndi a mtundu woyamba, koma ena a mtundu wachiwiri amaganiziridwa ngati ali pa insulini ndipo thupi lawo si lonenepa kwambiri. Kwa amene ali ndi m'bale wofuna kuwapatsa impso ali moyo, njira ina ndi kulandira impsoyo kaye, za kapamba n'kudzaona pambuyo.

Tsono chimene chandikhudza kwambiri ndi ichi. Ine ndinkaganiza kuti munthu amayenera kuyamba wakhala pa makina a dayalisisi kuti alembedwe. Si choncho. Nambala ija timaiona pa zotsatira za magazi, yotchedwa eGFR, yosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, ikatsika kufika pa 20, munthu woyenerera opaleshoniyi akhoza kulowa pamndandanda asanayambe n'komwe dayalisisi. Ambirife tinaleredwa kuti dokotala safunsidwa mafunso, timangoti "zikomo adokotala" n'kunyamuka. Ulemu umenewu ukutitayitsa nthawi. Chonde, aliyense akapita ku kiliniki ya impso afunse nambala yake, ailembe, ndipo ikamayandikira 20 afunse mosabisa ngati angatumizidwe kukayezedwa.

Nkhani ina ndi yovuta kuikamba pa mwambo wathu, koma ndiikambabe. Ziwalozi zimachokera kwa omwalira. Ku England kuyambira mu May 2020 lamulo limatenga munthu wamkulu ngati wavomera kupereka ziwalo pokhapokha atalembetsa kuti wakana, komabe achibale amafunsidwa. Anthu akuda timadikira impso nthawi yaitali, mwa zina chifukwa magazi ndi minofu zimagwirizana bwino pakati pa anthu a mtundu umodzi, pamene opereka ochokera kwa ife ndi ochepa. Ndikudziwa kuti ambiri timafuna maliro athu akapite kumudzi thupi lili lathunthu. Sindikunyoza zimenezo. Ndikungopempha kuti banja lililonse likambirane lili pamtendere, mwamuna kapena mkazi wanu asadzayambe kuganiza zimenezi ali pakhonde la chipatala.

A Wapampando, ndikupempha kuti pa msonkhano wa mwezi wamawa mundipatse theka la ola. Timapepala anatigawira kumsonkhano tija tili m'Chingerezi, ndayamba kale kutiika m'Chichewa, ndipo aliyense adzabwere ndi zotsatira zake za magazi zaposachedwa kuti tidzaonere limodzi pamene pamalembedwa eGFR.