Misozi ya pa Titanic si ya atsikana okha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mkangano wosatha wokhudza filimu ya Titanic, yonena za sitima yaikulu yapamadzi imene inamira mu 1912. Papita zaka zoposa 25 chitulukireni mu 1997, koma mukangoitchula pagulu anthu amagawikana. Ena amati sanaonepo filimu yachikondi yogwira mtima ngati imeneyi. Ena amakwinya nkhope, amati ndi yongofinya anthu misozi, yoyenera atsikana. Ine ndine bambo wapabanja, ndinalira nditaionera koyamba, ndipo ndimalirabe.

Zina zimene odandaula amanena ndi zoona. Nkhani ya Jack ndi Rose ndi yosavuta kulosera: mnyamata wosauka, mtsikana wa kubanja lotchuka koma lodzala ngongole, ndi mayi wofuna kumukwatitsa kwa mwamuna wachuma. Mwamunayo, Cal, anamuumba woipa mbali zonse, ngati kuti wolemera sangakhale ndi mtima. Filimuyi inatenga mphoto 11 za Oscar, koma kalembedwe ka nkhani yake sikanalowe n'komwe pa mpikisano. Kenneth Turan, amene panthawiyo anali wounika mafilimu wa nyuzipepala ya Los Angeles Times, anaidzudzula kwambiri pa mfundo yomweyi, moti James Cameron, amene anailemba ndi kuitsogolera, anachita kumuyankha m'nyuzipepala yomweyo mu 1998.

Dandaulo limene ndimalilemekeza kuposa onse linachokera ku Dalbeattie, kwawo kwa William Murdoch ku Scotland. Murdoch anali mmodzi mwa akuluakulu oyendetsa sitimayo ndipo anafera pomwepo. Filimuyi inamuonetsa akulandira ndalama, kuwombera anthu, kenako kudzipha, ndipo abale ake ndi anthu akwawo zinawawawa. Anali ndi chifukwa chomveka. Kukometsa nkhani yachikondi poipitsa mbiri ya munthu weniweni amene sangathenso kudziyankhira n'kulakwa.

Komabe anthu anakhamukira kukaionera, ena kawiri, ena katatu, filimu ya maola atatu ndi mphindi 14, mpaka inakhala yoyamba kupeza ndalama zopitirira madola 1 biliyoni. Onyoza amati ndalamazo zinachokera kwa atsikana otengeka ndi nkhope ya Leonardo DiCaprio, amene anasewera ngati Jack. Tiyerekeze kuti n'zoona. Kodi chimene chakhudza mtima wa mtsikana chimachepa mtengo chifukwa choti wakhudzidwayo ndi mtsikana? Filimu ya nkhondo ikaliza abambo timati ndi yamphamvu. Yachikondi ikaliza amayi timati ndi yachibwana. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ana athu aamuna amamva tikulankhula choncho ndipo amaphunzira kumeza misozi pomwe sipafunika kutero.

Ndiye pali nkhani ya thabwa lija. Aliyense amene anaonera filimuyi ali ndi maganizo ake: kodi Jack, amene anafera m'madzi ozizira sitima itamira, sakanakwanapo pa thabwa loyandama limene Rose anagonapo n'kupulumuka? Pulogalamu ya pa kanema ya MythBusters inayesa zimenezi mu 2012. M'pulogalamu ina imene inaonetsedwa mu 2023, Cameron mwini wake, mogwirizana ndi National Geographic, anaika anthu awiri m'madzi ozizira kuti aone ngati onse akanapulumuka. Ambiri amene amalimbikira nkhani ya thabwayi ndi omwe aja amati filimuyi sinawakhudze. Ine sindiwakhulupirira. Munthu sangathe zaka ndi zaka akufufuza njira yopulumutsira munthu amene alibe naye ntchito. Akukana imfa ya Jack, ndipo kukanako ndi maliro omwewo amene ife ena timalira poyera.

Chimene onyoza amaiwala n'chakuti pansi pa Jack ndi Rose, omwe ndi anthu ongopeka, pali manda enieni. Sitimayo inanyamuka ku Southampton kupita ku New York, inagunda chimulu cha madzi oundana usiku wa pa 14 Epulo 1912, ndipo inamira m'bandakucha wa pa 15. Inali ndi maboti opulumukirapo 20 okha, osakwanira onse amene anakwera. Anthu pafupifupi 1,500 anafa, ambiri chifukwa cha kuzizira kwa madzi, ndipo okwera m'kalasi yachitatu, osauka aja, anafa ochuluka kuposa a m'kalasi yoyamba. Chiwerengero chotere mtima sumatha kuchinyamula. Umafuna nkhope imodzi yoti uilire. Ntchito ya Jack mu filimuyi ndi imeneyo, ndipo ndi chifukwa chake sindidandaula kuti nkhani yake ndi yosavuta.

Kwa amene amati chikondi chotere chimapezeka mu kanema mokha, ndikuwapempha aonerenso mbali ya kumapeto, madzi atayamba kulowa m'zipinda. Pali nkhalamba ziwiri zagona pa bedi zitakumbatirana, madzi akusefukira pansi pawo. Chithunzicho sichitenga ngakhale mphindi imodzi. Anthu amenewo akuimira Isidor Straus ndi mkazi wake Ida, amene analikodi m'sitimayo. Isidor anali mmodzi mwa eni sitolo yaikulu ya Macy's ku New York, ndipo awiriwa anali atakhala m'banja zaka zoposa 40. Ida anapatsidwa malo m'boti, poti amayi ndi ana ndiwo ankayamba kukwera. Isidor anakana kulowa pamene amayi ndi ana ena anali asanapulumutsidwe. Ida ataona choncho anakana kumusiya. Anapereka chikhoti chake chaubweya kwa wantchito wake, namukweza m'boti, iye n'kutsala ndi mwamuna wake. Wantchitoyo anapulumuka. Mtembo wa Isidor unapezeka panyanja patapita masiku. Wa Ida sunapezeke mpaka lero.

Pa chithunzi chimenechi ndi pamene ine ndimalephera kudzigwira. Mkazi wanga amadziwa. Tikamayandikira pamenepo amangondigwira dzanja osanena kanthu, ndipo sitisiyana mpaka mayina atayamba kukwera pa kanema.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu mokhulupirika