Lipoti la msonkhano wa transfer: ana athu ofuna bioinformatics

Moni nonse makolo ndi achinyamata. Ku msonkhano munandituma uja wa alangizi a transfer (kusamuka kuchoka pa community college, koleji ya zaka ziwiri, kupita ku yunivesite) kuno ku California ndinapitadi, ndipo ndinafunsa kwambiri za bioinformatics, maphunziro aja osakaniza biology ndi kompyuta pofufuza za DNA, poti ndi omwe ana athu angapo akuwafuna.

Chachikulu chomwe ndabwera nacho ndi ichi, mwana ayambe masamu ndi chemistry semesita yoyamba yomweyo, asadikire. Makosi amenewa amayenda mondondozana, sungalowe Calculus 2 usanakhoze Calculus 1, organic chemistry nayo imafuna udutse kaye general chemistry yomwe imatenga chaka chathunthu, ndiye ukazengereza zaka ziwiri zija zimasanduka zitatu osadziwa. Pamwamba pake pali biology ndi programming, kwina amafunanso physics ndi linear algebra. Ana ambiri amathamangira makosi a general education, omwe ndi a maphunziro osiyanasiyana kunja kwa phunziro lako lenileni, a mndandanda wa Cal-GETC aja analowa m'malo mwa IGETC mu 2025, poti ndi opepukirako. Alangizi anati wa sayansi atsogoze makosi a major yake, phunziro lenileni lomwe akufuna digiri yake, enawo abwere pambuyo. Ine ndikugwirizana nawo.

Kwa ofuna transfer, University of California (UC) imafuna mayuniti 60 a semesita ndi GPA (avareji ya magiredi) yosachepera 2.4 kwa okhala mu California, 2.8 kwa ochokera kunja. Koma 2.4 imeneyo isatinamize abale, ndi yongokulola kulembetsa basi, pa major ngati iyi mpikisano ndi woopsa.

Alangiziwo anationetsanso webusaiti ya ASSIST pa sikirini. Umasankha koleji yako, yunivesite yomwe ukufuna ndi major, kenako imakuonetsa kosi ya ku yunivesite mbali imodzi ndi kosi ya pa koleji yako yomwe amaivomereza mbali inayo, ndipo pena pamangolembedwa kuti palibe kosi yofanana nayo. Ndiye dzina la kosi lisakupusitseni, mwana atha kukhoza bwinobwino programming ina yake koma kumeneko osaiwerengera pa major. Anatinso chemistry ya magawo awiri ndi bwino kuimalizira pa koleji imodzi, osati theka kuno theka uko.

Za TAG (Transfer Admission Guarantee), lija lonjezo la malo ukakwaniritsa zonse, ili pa makampasi 6 okha a UC: Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz, ndipo si major iliyonse yomwe ilimo. Mafomu ake ndi mu September, pomwe fomu yaikulu ya UC imatsekedwa November akamatha. Kampasi ya UC San Diego mulibe mu TAG, komanso kumeneko bioinformatics imapezeka m'madipatimenti osiyana, a biology, a bioengineering ndi a computer science, aliyense ndi zofuna zake, ndiye mwana adziwiretu khomo lomwe akulowera.

Tikakumana Loweruka mwana aliyense abwere ndi transcript yake ndi laputopu, tidzatsegule ASSIST limodzi tione kosi imodziimodzi asanalembetse za semesita ikubwerayi.