Kwa makasitomala athu: tikusamutsa mafayilo a Firefox ndi Chrome kuchoka pa seva

Okondedwa makasitomala athu,

Ambiri mwa inu mwakhala mukutiimbira foni za vuto limodzi. Mukatsegula Firefox m'mawa, pamwamba pamabwera uthenga wonena kuti ma bookmark ndi mbiri ya masamba sizigwira ntchito chifukwa fayilo ina yagwiridwa ndi pulogalamu ina, pomwe inu simunatsegule china chilichonse. Ogwiritsa ntchito Chrome nawonso amadandaula kuti imakana kutsegula profile yawo, ndiye kuti foda imene browser imasungamo ma bookmark, mbiri ya masamba ndi mapasiwedi a munthu. Pofuna kuthetsa zimenezi, Loweruka likubwerali madzulo tisamutsa mafayilo a ma browser awiriwa kuchoka pa seva n'kuwaika pa disiki ya kompyuta iliyonse.

Monga mukudziwa, foda yanu yaikulu sikhala m'kompyuta imene ili patebulo panu. Imakhala pa seva, ndipo kompyuta imaifikira kudzera pa netiweki pogwiritsa ntchito NFS, njira imene makompyuta amagawanirana mafayilo pa netiweki. N'chifukwa chake mumapeza makalata anu pa kompyuta iliyonse ya muofesi. Pa makalata ndi zithunzi, njirayi ilibe vuto ndipo sitikuisintha.

Browser ndiyo yovuta. Kuyambira pa Firefox 3 ya mu 2008, ma bookmark ndi mbiri zimasungidwa m'kadatabase ka SQLite kotchedwa places.sqlite, ndipo ma cookie, timauthenga timene masamba a pa intaneti amasiya kuti azikukumbukirani, ali mu cookies.sqlite. Chrome nayonso imadalira SQLite yomweyo. SQLite isanalembe kanthu imayamba yakhoma fayiloyo kuti wina asalembemo nthawi yomweyo. Pa disiki ya m'kompyuta, kukhoma ndi kutsegula kumachitika pompo, ndipo pulogalamu ikafa loko amamasuka yekha. Pa netiweki, pempho lokhoma limayenera kupita ku seva kaye. Mu NFS 3 ntchitoyi imagwiridwa ndi mapulogalamu apadera, lockd ndi statd. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi kapena waya akasokonekera, seva imatha kupitiriza kuganiza kuti mwini loko akadalipo. Zimakhala ngati chitseko chokhomedwa ndi m'kati pomwe wokhomayo anatulukira pawindo.

Palinso china chozama kuposa pamenepa. Mu 2010 SQLite 3.7.0 inabweretsa kalembedwe kotchedwa WAL, kamene mungakazindikire ndi timafayilo tothera ndi -wal ndi -shm. Eni ake a SQLite amanena poyera kuti kalembedweka sikanapangidwire mafayilo a pa netiweki, popeza onse ogwiritsa ntchito fayiloyo ayenera kukhala pa kompyuta imodzi. Ndiye taganizirani munthu wasiya Firefox yotsegula pa kompyuta ya polandirira alendo, n'kukatsegulanso ina m'chipinda cha misonkhano. Zikayenda bwino, yachiwiriyo imangokana. Zikapanda kutero, database imawonongeka, Firefox imaisintha dzina kukhala places.sqlite.corrupt n'kuyamba yatsopano. Ma bookmark amabwerera kuchokera mu foda ya bookmarkbackups, koma mbiri ya masamba kawirikawiri imapita.

Tikanatha kumangochotsa maloko otsalirawo nthawi iliyonse mukatiimbira, koma kumeneko n'kungopepesa matenda. Kusamukira ku NFS 4 kumachepetsa vuto la maloko otsalira, koma sikupangitsa makompyuta awiri kukhala amodzi.

Kusinthaku kuli ndi mtengo wake, ndipo sitikubisirani. Kuyambira Lolemba, bookmark imene mwasunga pa kompyuta ina simudzaipeza yokha pa inzake. Amene mumasinthasintha matebulo, tsegulani akaunti ya Firefox Sync kapena yatsani sync ya Chrome, zimene zimasunga ma bookmark ndi mapasiwedi anu pa intaneti kuti muziwapeza pa kompyuta iliyonse, ndipo tidzakuthandizani ngati mukufuna. Kwa amene malamulo a kuntchito kwanu salola kuti mapasiwedi azisungidwa kunja, tiuzeni tisanayambe kuti tikonze njira ina. Usiku uliwonse tizikopera profile yanu kupita ku seva browser ili yotseka, kuti disiki ikafa musataye zonse. Mukaisiya yotsegula usiku wonse, tsiku limenelo sitikopera, chifukwa kukopera database pamene ikulembedwa kumatulutsa fayilo yosadalirika.

Chimene tikukupemphani n'chochepa. Lachisanu poweruka, tsekani browser pa kompyuta iliyonse imene munalowapo, kuphatikizapo ija munaiwala m'chipinda china, ndipo mutiuze kompyuta imene mumaiona ngati yanu kuti tiikemo profile yeniyeniyo. Makompyutawo muwasiye oyaka.

Chonde musafufute nokha chilichonse mu foda ya .mozilla kapena ya .config/google-chrome, ngakhale mutawerenga penapake kuti zimathandiza. Fayilo ya -wal imakhala ndi zinthu zimene sizinalowebe m'database, choncho kuichotsa n'kutaya zimenezo. Mapasiwedi a Firefox nawo ali m'mafayilo awiri, logins.json ndi key4.db, ndipo imodzi ikasowa inzakeyo siwerengeka.

Lolemba m'mawa, musanayambe ntchito, onani ngati ma bookmark ndi mapasiwedi anu alipo. Ngati china chikusowa, tsekani browser ndipo mutiimbire musanasunge zatsopano. Profile yakale tiisunga pa seva kwa mwezi wathunthu, kotero pali pobwezera.

Ndife anu,
Gulu loyang'anira makompyuta anu