Lipoti la Msonkhano Wokambirana Zisankho Zoyamba za Aphungu ku Finland

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu lophunzira mbiri ya ndale, ndabwerako ku msonkhano umene munandituma ku Helsinki, ndipo ndikuthokoza chifukwa chondikhulupirira. Nkhani imene inatenga nthawi yathu yambiri inali ya zisankho za aphungu kuyambira mu 1907, ndipo ndi imene ndikukutulirani pano.

Kuyambira mu 1809 dziko la Finland linali pansi pa mfumu ya Russia, ndipo malamulo ake ankapangidwa ndi magulu anayi okha: mabanja olemekezeka, atsogoleri a mpingo, eni chuma a m'matauni ndi alimi okhala ndi minda yawoyawo. Anthu atanyanyala ntchito m'dziko lonse mu 1905, mfumu Nicholas II inalola kuti mu 1906 pakhazikitsidwe Nyumba ya Malamulo imodzi, yotchedwa Eduskunta, ya mipando 200, ndiponso kuti aliyense wa zaka 24 kupita m'tsogolo, mwamuna kapena mkazi, athe kuvota ndi kupikisana nawo.

Pachisankho cha pa 15 ndi 16 Malichi 1907, chipani cha Social Democratic chinapeza mipando 80 chifukwa anthu olima m'minda ya eni ake kumidzi anachivotera mwaunyinji limodzi ndi antchito a m'mafakitale. Chipani cha Finnish Party chinapeza 59, cha Young Finns 26, cha olankhula Chiswidishi 24, cha alimi 9, ndipo 2 yotsalayo inapita ku kachipani ka antchito achikhristu. Amayi 19 analowa m'Nyumbayi, ndipo mmodzi mwa iwo, Miina Sillanpää, amene kale anagwirapo ntchito ngati mtsikana wantchito wa m'nyumba, anadzakhala nduna yoyamba yaikazi mu 1926.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti voti imeneyi inalibe mano. Nduna zinkayankha kwa mfumu ya Russia osati kwa aphungu, ndipo mfumuyo inkathetsa Nyumbayi mobwerezabwereza, moti anthu anavotanso mu 1908, 1909, 1910 ndi 1911. Ngakhale lamulo loletsa mowa, limene aphungu analivomereza mu 1907, silinagwire ntchito mpaka mu 1919. N'zosadabwitsa kuti pofika mu 1913 pafupifupi theka la ovota linakhala kunyumba. Zipani zinakula zikudziwa kukopa anthu ndi kutsutsana, koma zisanaphunzire kugawana udindo wolamulira.

Mu 1916 a Social Democratic anapeza mipando 103, ndipo ufumu wa Russia utagwa mu Malichi 1917, Oskari Tokoi wa chipanichi anatsogolera boma la mgwirizano la nduna 12, theka la chipani chake ndipo theka la zipani zina. Mu Julayi aphungu anavomereza lamulo lodzipatsa mphamvu zimene zinali za mfumu, koma boma logwirizira la Russia, limene linali ku Petrograd, linathetsa Nyumbayi, ndipo nduna za zipani zinazo zinavomereza kuti chilengezo chothetsa Nyumbayo chisindikizidwe. Apa m'pamene anthu a pamsonkhano anasiyana maganizo. Ena anati ndunazo zinangotsata malamulo, pamene ena anati zinagwiritsa ntchito dzanja la mlendo pofuna kuchotsa anzawo. Ine ndinagwirizana ndi achiwiriwa, pakuti pachisankho cha mu Okutobala a Social Democratic anatsika kufika pa 92, ndipo otsatira awo ambiri anataya chikhulupiriro mwa voti. Ufulu wodzilamulira unalengezedwa pa 6 Disembala 1917, koma mu Januwale 1918 nkhondo yapachiweniweni inabuka. Panapita zaka pafupifupi 20 kuti chipani cha Social Democratic chikhalenso m'boma limodzi ndi cha alimi, pansi pa nduna yaikulu A. K. Cajander mu 1937.

Ndikupempha komiti kuti pamkumano wathu wotsatira tipatule nthawi yokwanira yokambirana miyezi ya pakati pa Malichi ndi Okutobala 1917, ndipo zonse zimene ndinalemba kumeneko ndazipereka kale kwa alembi athu kuti azigawe kwa mamembala tsikulo lisanafike.