Za timakabichi ta ku Brussels pa Khirisimasi ya ku Salima

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulepo za chakudya cha pa Khirisimasi. December asanafike n'komwe, m'mafoni mwayamba kale kuyenda zithunzi za matebulo a anzathu a kunja, ndipo chaka chino chimene chatenga mitima ya ana athu a m'tauni ndi timakabichi tating'ono tija amati Brussels sprouts, tootcha mu uvuni n'kutipaka uchi mpaka kunyezimira. Mphwanga wa ku Area 25 wanditumizira chithunzi chake n'kundiuza kuti akubwera nato kumudzi, amalume mukatiphikire.

Ine ndine khuki wopuma. Ndakalambira m'makhitchini a malo ogona alendo kuno ku Senga Bay, ndipo timakabichi timeneti tadutsa m'manja mwanga Khirisimasi zambiri, makamaka tikalandira alendo a ku Britain amene chakudya cha tsikuli sachiyesa chokwanira popanda ito. Tsono ndisananene maganizo anga, ndifotokoze kaye kuti n'chiyani, chifukwa ena akuganiza kuti ndi kabichi wozula asanakhwime. Ayi. Ndi mbewu payokha, ya mtundu umodzi ndi kabichi, kolifulawa ndi burokoli. Imamera tsinde limodzi lalitali, lofika m'chiuno mwa munthu, ndipo m'khwapa mwa tsamba lililonse mumatuluka kamutu kolimba. Mlimi amathyola kuyambira m'munsi kupita m'mwamba malinga ndi kukhwima kwake. Dzinalo linachokera ku mzinda wa Brussels ku Belgium, kumene ankatilima kwambiri kalekale.

Mbewu imeneyi imafuna kuzizira. Imasangalala pa madigiri 15 mpaka 18, ndipo chisanu chikaiwomba m'pamene timitu take timatsekemera. Ikapsa ndi dzuwa timitu timamasuka, sitimanga, timawawa, ndipo nsabwe za m'masamba zimaikonda koopsa. Ndiye tangoganizani Salima mu October ndi November, pamene madigiri amadutsa 30 munthu n'kumagona pakhonde. Amene akufuna kugula mbewu kuti adzale m'dimba ku Lifuwu kapena ku Chipoka asunge ndalama zake. Ife tili pansi, m'mbali mwa nyanja, pamalo okwera mamita osakwana 500 kuyerekeza ndi nyanja yamchere. Anzathu a ku Dedza ali pamwamba pafupifupi mamita 1,600, ndipo ngati alipo oyenera kuyesa ndi iwowo, pamodzi ndi a ku Tsangano. Komabe nawonso akadzala m'nyengo yozizira adzakolola cha m'ma August kapena September, Khirisimasi ili kutali.

Apa m'pamene pagona nkhani. Ku Ulaya Khirisimasi imagwa pakati pa chisanu, m'minda mulibe zambiri, koma timakabichi timeneti tili pa chimake. Kwa iwo si chakudya chodzionetsera. Ndi ndiwo za nyengo yake, monga nkhwani kwa ife mvula ikagwa. Timene tinkalandira kukhitchini kwathu tinkachokera ku South Africa, kawirikawiri touma ndi ayezi m'mapaketi, titayenda ulendo wautali m'mafiriji. Kuti munthu wa ku Kamuzu Road akwere minibasi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kupita ku Lilongwe kukasaka paketi yotere, pa ndalama yoti akanagulira nkhuku, ine ndikuti ndi kudzizunza. Chimene chili chabwino pa chithunzi chija si kabichiyo kwenikweni. Ndi kaphikidwe, ndipo kameneko n'kaulere.

Azungu enieniwo ambiri anakula akudana nato timakabichi timeneti. Alendo achikulire ankandiuza kuti amayi awo ankatiwiritsa mpaka kuyezuka, nyumba yonse n'kumanunkha. Fungo lija ndi la salufa amene ali m'masamba onse a mtundu wa kabichi, ndipo amatuluka kwambiri masamba akakhalitsa m'madzi owira. Aliyense amene anadyapo kabichi wa kusukulu yogonera konko akulidziwa. Kuwawa nako kunali kwenikweni, mpaka m'zaka za m'ma 1990 pamene katswiri wina wa ku Netherlands, Hans van Doorn, anapeza zinthu zimene zimachititsa kuwawako, makampani a mbewu n'kuyamba kubereketsa mitundu yosawawa kwambiri. Kutchuka kwa lero kwabwera ndi zinthu ziwirizi: mbewu yabwinoko, ndi kusiya kuwiritsa n'kuyamba kuotcha.

Kwa amene atipeza, nayi njira yanga. Dulani kunsi kumene kwada, chotsani masamba ofota, kamutu kalikonse mukang'ambe pakati kuchokera kumutu kutsikira kutsinde. Mukatsuka pukutani ndi nsalu mpaka tiume, chifukwa madzi ndiwo amaononga zonse. Pa theka la kilo thirani masupuni awiri a mafuta ophikira ndi mchere, mutakase ndi manja. Uvuni ukhale wotentha kale, madigiri 200 mpaka 220. Yalani pathireyi mbali yodulayo itagona pansi, ndipo musaunjike. Anyamata amene ndinkawaphunzitsa ntchito ankalakwa pomwepa: pofuna kutha msanga ankadzaza thireyi, nthunzi n'kusowa kothawira, ndiwo n'kutuluka zolobodoka ngati zowiritsa. Kamutu kalikonse kakhale ndi mpata wake. Musamatembenuzetembenuze. Pakatha mphindi 20 kapena 25 nyamulani kamodzi muone kunsi. Kukhale kofiira moderako, m'mphepete mukhale mokhukhuta, mkati mofewa koma mosaphwanyika. Timasamba tina tidzathothoka n'kuda, musataye, n'timene ana amalimbirana.

Uchi umabwera kumapeto. Mukaupaka poyamba umapserera ndiwo zisanapse, ndiye mwabweza kuwawa kumene mumathawa kuja. Sakanizani supuni imodzi ya uchi ndi supuni imodzi ya chowawasa, muthire pa ndiwo zotentha, mutakase, mubwezere mu uvuni kwa mphindi zitatu kapena zinayi basi. M'maphikidwe a kunja amalemba viniga wakuda wa ku Italy wotchedwa balsamic, wa ku Modena. Ine ndinkafinya ndimu, ndipo sindinaonepo mbale ikubwerera kukhitchini. Azungu amaikamo nyama ya nkhumba yofutsa ndi mtedza wawo wa chestnut. Ife tili ndi mtedza wathu wokazinga, wongophwanya mumtondo osaufikitsa pa nsinjiro, ndi kambuzi mmodzi kwa okonda tsabola.

Tsono zonsezi chitani ndi kabichi wamba wa pamsika. Sankhani wolimba, wolemera m'manja, wochokera ku Lizulu kapena ku Bembeke. Musamuwaze monga tichitira masiku onse. Mum'dule m'magawo asanu ndi atatu ngati papaya, chitsinde cha pakati chikhale chomwecho kuti chigwire masamba asamwazike. Pakani mafuta ndi mchere mbali zonse ziwiri. Chigawo chikafiira mbali imodzi mutembenuze, kenako uchi ndi ndimu. Kukoma kwake n'kwa pachibale, ndipo kabichi amaposa pa kutsekemera.

Wina ati kumudzi uvuni tiupeza kuti, ndipo ngakhale ali nawo, magetsi a pa Khirisimasi sawadalira. Amayi amene amaphika zigumu ndi zikondamoyo ali nawo kale uvuni. Ikani chiwaya chochindikala pa mbaula ya makala oyaka bwino, chitenthe kaye mpaka dontho la madzi lizidumpha. Gonekani zigawo za kabichi, osadzaza, musiye zifiire. Kenako vundikirani ndi chilata, pamwamba pake muike makala. Musatseke ndithu, pakhale pothawira nthunzi. Moto wa pansi muuchepetse pothira uchi, chifukwa pa chiwaya umapserera mofulumira kuposa mu uvuni. Uchi weniweni sitisowa kuno, alimi a njuchi ali m'midzi yozungulira nkhalango ya Thuma ndi ya Nkhotakota. Koma chenjerani ndi wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, wina ndi shuga wosungunula. Ngati ndi choncho ndi bwino kungotenga shuga wabulauni wa ku Dwangwa, mudziwe chimene mwathira.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti pa Khirisimasi masamba timawachotsa patebulo ngati ndi chizindikiro cha umphawi. Mpunga wa Kilombero, nkhuku, mbuzi, chambo kwa amene akwanitsa, zakumwa za m'mabotolo, basi. Kabichi akapezeka ndi wa pa ukwati uja, wowaza, womira m'mafuta ndi tomato, woti anthu amangokankhira m'mphepete mwa mbale. Chonsecho December ndi mwezi umene bonongwe, chisoso ndi nkhwani zanthete zimayamba kumera kuseri kwa nyumba. Mlendo wochokera ku London ankandifunsa za nkhwani zotendera tsiku lililonse, pamene mwana wathu akuchita manyazi kuziika pa mbale tsiku la chikondwerero. Nyama yonona imafuna chinzake chowawasa ndi chokhukhuta pambali, apo ayi pofika 3 koloko masana aliyense ali gone pamkeka, mimba ili ndwii. Makhuki amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake azungu saika nyama ya nkhukundembo yokha patebulo.

Sindikunena kuti amene ali ndi ndalama asagule timakabichi take. Agule, adye, dziko ndi lake. Ngati n'ta mufiriji, asatisungunule m'madzi. Atitulutse, atipukute, atiponye pa thireyi yotentha kale, ndipo asayembekezere kukhukhuta kofanana ndi kwa tatiwisi. Mphwanga uja ndamuuza kuti abwere nato, koma adutsenso pamsika agule kabichi mmodzi, tidzaotche zonse pa chiwaya chimodzi, agogo ake adzaweruze.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi ili. Pa tsamba lanu la zophikaphika, mukamalemba maphikidwe a kunja muzitiuzanso chimene munthu wa ku Salima kapena ku Nkhotakota angaike m'malo mwake, komanso mmene angaphikire pa mbaula. Ndipo mutumize mtolankhani ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe kapena ku Bembeke akafunse akatswiri ngati mbewu imeneyi ingachite bwino kumapiri kwathu. Mahotela a m'mbali mwa nyanja akanakonda kugula zatsopano kwa mlimi wa ku Dedza kusiyana ndi kudikira lole yochokera ku Johannesburg.

Khuki wopuma,
Senga Bay, Salima